Phiri Silikwana m'Chithunzi Chimodzi

Ndiyambe ndi kuulula: ana anga amaphunzira ndi ndalama za maukwati, osati za mapiri. Loweruka lililonse mundipeza mu holo ina ku Limbe kapena ku Ndirande, thukuta lili kamukamu, ndikupanikizana ndi azimayi a perekaniperekani kuti ndipeze poima. Zithunzi zazitali za malo, zimene ojambulafe timangoti panorama, ndiyo ntchito ya kumtima kwanga, koma panapita zaka isanayambe kundibwezera ngakhale ya minibasi. Ndanena izi koyambirira chifukwa achinyamata amene amandilembera pa WhatsApp onse amafunsa za kamera, pomwe funso loyamba likanakhala lakuti azidya chiyani podikira kuti mtambo usunthe.

Matendawa anandigwira ku Zomba mu Meyi 2015. Nditajambula ukwati Loweruka ndinagona komweko, m'mawa n'kukwera ku Chawe. Ndinayenda mpaka pa Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia atabwera kuno mu 1965. Chapafupi pali Queen's View, pokumbukira mayi ake a Mfumukazi Elizabeth amene anafika mu 1957. Amene anasankha kuwatengera kumeneko alendo aja ankadziwa chimene akuchita. Kunsi kwanga kunali tauni ya Zomba, kutsogolo chigwa chonse cha Phalombe, nyanja ya Chilwa ikung'anima ngati lata latsopano, chilumba cha Chisi chili m'katimo, ndipo chakumanja, kutali, Mulanje ali njo. Khosi linachita kutopa n'kucheuka.

Ndinamanga lenzi yotambalala kwambiri imene ndinali nayo, ija ndimajambulira akuchimuna ndi akuchikazi onse pamodzi, n'kudina kangapo, mtima uli m'malo. Kunyumba nditatsegula pa laputopu ndinachita kakasi. Theka la chithunzi linali thambo lopanda kanthu, theka lina udzu wa pamapazi panga, ndipo dziko lonse lija linali kamzere pakati. Mulanje, phiri la mamita 3,002, anali ngati chulu cha kuseri kwa khola. Mayi akunyumba anasuzumira paphewa panga n'kufunsa, "Ndiye munagona ku Zomba kuti mukajambule udzu?"

Lenzi yotambalala imalowetsa zambiri, koma imalipiritsa: chilichonse chakutali imachikankhira kutali kwambiri. Munthu akaima paphiri sayang'ana ngati ali m'bokosi. Amatembenuza mutu pang'onopang'ono, diso n'kumatola chimodzichimodzi mwa ukulu wake. Panorama imayesa kubweza kutembenuka kwa mutu kumeneko. Akatswiri a nthawi ya filimu anali ndi makamera akeake, monga Fuji GX617 ndi Linhof Technorama, otulutsa chithunzi cha masentimita 6 m'lifupi ndi 17 m'litali. Mpukutu umodzi wa filimu ya 120 unkakwana zithunzi zinayi basi. Munthu ankakwera phiri ndi mipukutu isanu akudziwa kuti adina ka 20 kokha ulendo wonse. Nditaona mitengo ya makamera amenewa pa intaneti ndinangotseka tsambalo. Ife a matumba obooka njira yathu ndi ina: kujambula zithunzi zingapo motsatizana, n'kukazisoka pa kompyuta. Pulogalamu ya Hugin ndi yaulere ndipo ndinayambira imeneyo. PTGui ndi yogula, Lightroom nayonso imasoka.

Ndinakayesera ku Cape Maclear, dzuwa likulowa chakuseri kwa chilumba cha Thumbi. Kamera ndinaisiya pa auto monga ndinazolowera pa ukwati, n'kuzungulira nditaigwira m'manja. Chimene kompyuta inandisokera ndimachisungabe, ndipo ndimachionetsa aliyense wofuna kuphunzira. Thambo linali mizeremizere ngati mbidzi, apa powala apa pakuda, chifukwa kamera inkasintha maganizo pa chithunzi chilichonse. Nyanja inapindika ngati uta. Bwato limodzi linatuluka katatu, ndipo kachitatuko msodzi wake analibe mutu.

Zonsezi zili ndi mankhwala, ndipo sadula. Chachikulu n'chakuti kamera muilande ufulu woganiza. Ikani pa manual. Ine ndimayamba ndi ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) 100 ndi bowo la lenzi pa f/8 kapena f/11, kenako ndimaloza mbali yowala kwambiri ya malo onse amene ndikufuna, n'kusankha liwiro la shutter loti kumeneko kusapse. Mbali yamdima imadzutsika pa kompyuta ngati mwajambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, koma mtambo ukayera mbuu wapita basi. White balance, imene imakonza mitundu, muichotse pa auto, muiike pa dzuwa. Focus muikonze kamodzi, kenako muzimitse autofocus. Kagalasi kaja ka polarizer, kamene kamakometsa thambo pa chithunzi chimodzi, apa kabwezereni m'chikwama: kamadetsa mbali ina ya thambo kuposa inzake, ndiye pakati pa panorama pamatuluka chibanga ngati nsalu yotayikira inki.

Kamera muiimiritse, osaigoneka. Poyamba zimamveka zobwerera m'mbuyo, chithunzi chachitali m'mbali kuchijambula ndi kamera yoimirira, koma mukatero mumakhala ndi thambo ndi nthaka zokwanira zodulako mukamaliza kusoka. Chithunzi chilichonse chilowe m'chinzake gawo limodzi mwa magawo atatu, kuti kompyuta ipeze pogwira. Ndimayang'ana mtengo kapena mwala umene uli chakumapeto kumanja, n'kutembenuza mpaka ufike chakumanzere, n'kudina. Ndisanayambe mzere ndimajambula chala chimodzi, ndikamaliza ndimajambula chikhatho. Mukabwera ndi zithunzi 400 za phiri limodzimodzi mudzandithokoza chifukwa cha zala zimenezi.

Lenzi imene ndimadalira ndi ya 50mm, yotchipa kuposa zonse m'chikwama changa. Kamera yanga ndi ya mamegapikiselo 24, kutanthauza madontho 6,000 mbali yaitali ndi 4,000 mbali yaifupi. Zithunzi zisanu ndi ziwiri zoimirira zikasokedwa n'kudulidwa m'mphepete zimandipatsa madontho pafupifupi 18,000 m'litali. Pa madontho 300 pa inchi, chimenecho ndi chithunzi cha mita imodzi ndi theka chimene munthu angayandikize mphuno n'kuwerenga madenga a nyumba za m'munsi mwa phiri.

Nyanja yopindika ija imabwera chifukwa cha tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija, yosakhazikika bwino. Si kamera yokha yofunika kuwongoka, koma pamene ikuzungulirapo. Yang'anani kadontho ka mpweya kali pa tripod pomwe miyendo ikumanirana, mukonze miyendo mpaka kakhale pakati, ndiye muzungulire uku ndi uku muone ngati mzere wa madzi ukukhala pamodzimodzi. Kunyanja pewani nthawi ya mwera, chifukwa mafunde a m'chithunzi ichi sakumana ndi a m'chinzake. M'mawa kwambiri madzi ali bata ndiye nthawi yake. Bwato likamayenda, lidikireni lilowe pakati pa chithunzi chimodzi, enawo muwajambule litadutsa.

Pali vuto lina limene linandizunza chaka chathunthu. Imikani chala chachikulu patsogolo panu, mutsinzine diso lamanzere, kenako lamanja. Chala chija chimalumpha, pomwe khoma la kumbuyo silisuntha. Kamera ikazungulira pa malo olakwika zimachitika zomwezo: chitsamba chapafupi chimalumpha poyerekeza ndi phiri lakutali, ndipo kompyuta imasowa posokera. Mumapeza nthambi yoduka pakati, kapena mpanda wa mizere iwiri. Malo oyenera kuzungulirapo ali m'kati mwa lenzi, osati pa bowo la kunsi kwa kamera pomwe timamangira tripod. Kunja amagulitsa mitu yapadera ya tripod yokonza zimenezi. Ine ndinajambula pa pepala, n'kupita kwa wowotcherera zitsulo ku Ndirande, amene anandipindira kachitsulo ngati chilembo cha L, kokhala ndi mpata woti kamera izitha kubwerera m'mbuyo. Anafunsa ngati n'cha dishi ya TV. Kunyumba ndinazika ndodo pafupi, n'kuilunjikitsa ndi mtengo wa magetsi wa kutsidya kwa msewu, n'kumatembenuza kamera uku ndikuisuntha pang'onopang'ono mpaka ndodo ndi mtengo zinaleka kusiyana. Pamenepo ndinadonthezapo penti ya m'zikhadabo ya mayi akunyumba. Kadontho kofiirako kalipobe. Koma ngati pafupi nanu palibe kanthu, zonse zili kutali, musadzivute nazo. Ngakhale foni imatha, bola muizungulitse pamalo amodzi, ngati kuti yakhala pakamwa pa botolo, osati inu kuzungulira nayo mutatambasula mikono.

Zida n'zophweka kuphunzira. Nyengo ndiye mphunzitsi wankhanza. Mu Seputembala ndi Okutobala, anthu akamatentha tchire posaka mbewa ndi kusosa minda, utsi ndi fumbi zimadzaza mlengalenga moti ukhoza kufika ku Thyolo Mulanje osaoneka n'komwe. Miyezi yanga ndi Epulo ndi Meyi: mvula yatsuka mpweya, dziko likadali lobiriwira. Mu Janyuwale mvula ikangokata masana kumayera modabwitsa, koma walira mvula walira matope, ndipo ndinasiyapo nsapato m'dambo. Komanso kuno dzuwa silizengereza. Mu Juni limalowa cha m'ma 5:20 madzulo, mu Novembala limatuluka cha m'ma 5 koloko m'mawa, ndipo kuwala kofiira kuja kumangotenga mphindi zowerengeka. Mzere wonse wa zithunzi uyenera kutha mphindi imodzi isanakwane, apo ayi kuwala kwa chithunzi choyamba ndi chomaliza sikufanana. Ndiye ufike msanga, ukonze zonse, uyesere kawiri, kenako ungokhala.

Kukhalako ndinaphunzira kwa munthu amene sanagwirepo kamera. Mu Juni 2016 ndinakalembetsa ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumene okwera phiri amatengako gaidi ndi wonyamula katundu. Anandigwera bambo wina wachikulire, wochepa thupi, wovala nsapato zapulasitiki, amene phirilo anayamba kulikwera ali mnyamata, akutsitsa matabwa a mkungudza pamutu. Ndinawauza kuti ndikufuna ndikhale pa Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse pa Mulanje, dzuwa likamatuluka. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana tripod.

"Achimwene, mukufuna kujambula phiri, kapena mukufuna mukanene kwanu kuti munafika?"

Ndinati ndikufuna kujambula phiri.

"Nanga mukaima pa Sapitwa, Sapitwayo mumujambula bwanji? Adzakhala kunsi kwa mapazi anu."

Ndinasowa choyankha. Anawonjeza kuti pa Sapitwa sachitirapo makani, n'kundikumbutsa za mnyamata wa ku Brazil uja amene mu 2009 anapitirira yekha wopanda gaidi, nyengo n'kumutembenukira, mpaka anakamupeza atamwalira patapita masiku ambiri. Dzina la nsongayo likunena lokha.

Tinagona ku Chambe, m'mawa n'kupitirira ku kanyumba ka Chisepo, ndipo kumeneko chiperoni chinatitsekera. Mphepo yozizira ija yochokera ku Mozambique inabwera ndi chifunga ndi mvula yowaza, moti ukatuluka pakhomo chimbudzi sunkachiona. Tinakhala masiku awiri tikuwotha moto, maso akulira ndi utsi. Ndinaphunzira kuti chisanu chimadya batire ngakhale kamera ili yozimitsa, ndiye mabatire ndinkawakulunga m'sokosi n'kugona nawo. Ndinaphunziranso kuti kamera yozizira ukalowa nayo m'nyumba ya moto lenzi imachita thukuta mpaka m'kati, choncho uisiye m'chikwama chotseka ifunde pang'onopang'ono. Tsiku lachiwiri madzulo ndinati titsike, ndalama zikutha. Madala aja anangoti, "Tione mawa," n'kupitiriza kuvundula nsima. Mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ndinaumva kuyambira ku pulayimale, koma palibe anandiuza kuti kudekhako kumafuna ufa wa masiku awiri owonjezera ndi malipiro a anthu awiri amene akudekha nawe. Muziwerengeratu zimenezi musananyamuke, ndipo masiku odikirawo muziwalipira onse.

Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha anandigwedeza phazi. "Dzukani, mphepo yatembenuka." Anamva kuti lata la padenga laleka kulira. Kunja nyenyezi zinali mbee, udzu utauma ndi chisanu. Tinabwerera ndi matochi pa njira ya ku Chambe mpaka pa kamtunda kena kamene anali atakasunga mumtima kuyambira dzana. Kutayamba kucha ndinaona kuti chifunga chonse chija chatsikira m'munsi n'kuyala ngati nyanja ya thonje, nsonga za mapiri zitatulukira ngati zilumba, Sapitwa ali mbali imodzi dzuwa likumupaka kufiira. Zala zinali zitauma moti shutter ndinkadina ndi chala chapakati. Ndinajambula mizere itatu ya zithunzi zisanu ndi zinayi. Wachiwiri ndiwo unagwira. Imeneyo ndiyo panorama yoyamba imene munthu anandipatsira ndalama.

Za malonda ndinene mwachidule. Ogula ndi malo ogona alendo, maofesi, opanga makalendala, ndiponso abale athu a ku Johannesburg ndi ku UK amene amafuna phiri la kwawo pakhoma. Amenewa sakonda malo otchuka, amafuna kaphiri kamene ankakaona akamapita kuchigayo. Chithunzi ndimachipinda mozungulira n'kuchilowetsa mu paipi yapulasitiki ya madzi, n'kutseka mbali zonse, chimayenda pa basi osapunduka. Musanatsukitse chachikulu, yambani mwatsukitsa kachidutswa kake, chifukwa makina ena amasandutsa thambo kukhala lofiirira, ndipo ndinalipirapo mita ndi theka ya thambo lotero. Inki ndi pepala zimachokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yanga yonse ndinailemba mwatsopano. Pa Facebook panorama imasanduka kaulusi, choncho ndimaidula zidutswa zitatu. Kampani ina inatolapo chithunzi changa n'kuchiika pa kalendala osandifunsa. Lamulo la 2016 loteteza ntchito zaluso limatiteteza ojambulafe, koma chimene chinathetsa mkangano mu ofesi yawo ndi mafayilo a RAW asanu ndi awiri, ndi chala changa koyambirira kwake. Musamafufute mafayilo amenewa.

Madala aja ndi amenenso anandionetsa mwala wanga. Uli m'chigwa, pang'ono kuchoka pa msewu wochokera pa Chitakale kupita ku Phalombe, mutapitirira Likhubula. Ukaima pamenepo madzulo dzuwa limakhala kumsana, likumenya thanthwe la Chambe, ndipo ukatembenuka kumanzere phiri limapitirira mpaka kukaoneka phiri la Michesi. Tsiku loyamba, mu Epulo 2017, ndisanamalize n'kutambasula komwe miyendo ya tripod, anthu anali atandizungulira. Mayi wina anafunsa mokweza kuti malowo ndawagula kwa yani. Kwa iwo munthu wa chida cha miyendo itatu, woyang'ana m'kabowo n'kumatembenuka pang'onopang'ono, ndi woyeza malo. Ku Mulanje, kumene minda ya tiyi inatenga nthaka yambiri ndipo anthu amalima timagawo tochepa, imeneyo si nkhani yoseka. Anandipulumutsa ndi madala aja, amene ananditengera kwa amfumu n'kufotokoza. Ndinapepesa, ndinaonetsa zithunzi za mu kamera. Kuyambira pamenepo sindiimika tripod m'munda wa munthu ndisanapereke moni kwa mwini wake, ndipo ndikabwerera chaka chotsatira ndimatenga chithunzi chotsuka chokawasiyira. Dzuwa lija linalowa ndili kwa amfumu. Ndinajambula mawa lake.

Ndinayamba kubwerera pamwalapo Epulo aliyense, poyamba chifukwa chofuna kuwala kwabwino kuposa kwa chaka chatha basi. Mu 2018 kuwala kunabweradi, kwagolide, mitambo itakhala bwino pamwamba pa Chambe. Koma chakumanzere kwa chithunzi kunali utsi wa uvuni wa makala, ndipo pamwamba pake chigamba chachikulu cha phiri chinali chitayera, mitengo itatha. Apa ndi pamene panorama imasiyana ndi zithunzi zina. Wojambula chithunzi chopapatiza amangosuntha pang'ono, chonyansa n'kutsala kunja, ndipo palibe amene wanama. Wa panorama alibe kothawira. Walonjeza kuonetsa kuchokera uku mpaka uko, ndiye zonse zimalowa: utsi, mitengo ya magetsi, chigamba. Malo ena ogona alendo ankafuna chithunzicho. Ndinakhala usiku umodzi pa laputopu, utsi ndinaufufuta, ndipo pachigamba paja ndinakopera mitengo ya mbali ina n'kuidzaza. Chinakongola. Analipira bwino.

Nditawaonetsa madala aja pa foni anakulitsa ndi zala, n'kupita molunjika pamalo pomwepo, ngati munthu wofuna chipsera pankhope ya mwana wake.

"Mitengo iyi mwadzala liti, achimwene?"

Ndinaseka, iwo sanaseke. Anati, "Ikanamamera msanga chonchi bwenzi tikugona tulo." Anandibwezera foni n'kuyamba nkhani ina.

Zinandikhala pamtima. Sindinganyoze wootcha makala, poti magetsi akazima kwathu ku Blantyre mbaula imene timaphikira imadya makala omwewo. Madalawo nawonso sabisa kuti matabwa a mkungudza anasenzapo ambiri. Mtengo umenewu, umene kwawo kwenikweni ndi pa Mulanje pokha ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, ikuluikulu yake inatha pafupifupi yonse, moti a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akuchita kudzala mbande kuti ubwerere. Onsewa akulimbana ndi phiri lenileni. Ine ndekha ndi amene ndinapanga phiri labodza n'kulipachika pakhoma kuti alendo azidya chakudya cham'mawa akuliyamikira. Malire amene ndinadziikira kuchokera pamenepo ndi awa: kadontho ka fumbi la pa sensa ndimafufuta, mbuzi ya mitu iwiri yobadwa posoka ndimaikonza, chifukwa zimenezo kunalibe. Chimene chinalipo chimakhala. Ngati utsi ukundinyansa, ndidikire uleke kapena ndibwere mawa.

Kenako kunabwera namondwe Freddy. Mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku otsatizana osapuma, phiri la Soche linagumukira anthu ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje ndi ku Phalombe madzi, miyala ndi matope zinatsika m'mapiri n'kukokolola midzi. Anthu oposa 1,000 anataya miyoyo m'dziko muno. Foni ya madala aja sinkalowa kwa sabata yathunthu. Italowa anangoti, "Tilipo. Napolo wadutsa." Anati zinawakumbutsa za 1991, pamene Michesi anagumukira Phalombe iwo ali ndi mwana mmodzi.

Epulo atafika ndinazengereza. Kunyamula kamera kupita kumene anthu akulira maliro kunkandichititsa manyazi. Anandiitana ndi iwowo: "Chaka chino ndiye musajombe." Ndinanyamula ufa, sopo ndi zovala zimene tinasonkha kumpingo, tripod pamwamba. Mwala unalipo. Nditayang'ana m'kamera ndinaona phiri lokalikakalika, mizere yoyera ikutsika kuchokera kumwamba ngati chilombo chalikanda ndi zikhadabo. Ndinachita zonse monga mwa nthawi zonse, kadontho ka mpweya pakati, f/8, chala chimodzi, zithunzi zisanu ndi ziwiri, chikhatho. Ana amene zaka zonse ankandizungulira akuphokosera tsiku limenelo anangoima chete.

Kunyumba ndinatsukitsa zonse zisanu ndi ziwiri, kuyambira 2017 mpaka 2023, zazing'ono, n'kuziyala pansi pabalaza china kunsi kwa chinzake. Cha 2018 ndinachisokanso kuchokera ku RAW, ndi utsi wake ndi chigamba chake. Ndinali ndisanaziikepo pamodzi chonchi. Chaka ndi chaka kuyera kuja kunkakwera phiri pang'onopang'ono, moti ukaona chimodzi sungazindikire, koma ukatsitsa maso pa zonse umaona ngati madzi akudzaza mu ndowa. Mizere ina ya Freddy inayambira pamwamba pa thanthwe pomwe sipanamerepo mtengo chiyambire. Ina inatsata ndendende malo amene ankayerawo. Ndikanasunga chabodza chija chokha, mzerewo ukanaduka pakati. Mayi akunyumba, amene aja a udzu, anagwada n'kuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati ana asapondepo.

Chaka chomwecho ofesi ina inafuna Mulanje wa pakhoma la chipinda chochitira misonkhano. Bwana wake ataona cha 2023 anafunsa ngati mizere yoyerayo singachoke. Ndinati ndili ndi cha 2019 chopanda mizere, ndipo ndilemba chaka pakona, kapena atenge cha 2023 momwe chilili. Anatenga cha 2019. Sindinawaweruze, khoma ndi lawo. Kuchokera pamene UNESCO inaika Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu Julayi 2025, kutsatira nyanja yathu ku Cape Maclear ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni, ofunsa zithunzi za phirili achulukako, ndipo aliyense ndimamufunsa kaye kuti akufuna cha chaka chiti.

Cha 2023 chachikulu, cha mita ndi theka, ndinakawapatsa madala aja. Khoma la pabalaza pawo linachepa chifukwa cha zenera, ndiye anachikhoma chokhota pakona, Chambe khoma ili, Michesi khoma linalo, ndipo kunena zoona chimaoneka bwino kuposa m'mafulemu anga, chifukwa umachita kutembenuza mutu. Alendo akabwera amawalozera mzere wachitatu kuchokera kumanzere, umene unatsikira m'munda wa alongo awo n'kutenga khola ndi mbuzi zonse, eni ake atathawira kusukulu usiku womwewo.

Epulo wapitayu ndinapeza zachilendo pamwala paja. Mwini munda wadzala mitengo ya bulugamu mzere wonse kutsogolo kwake, ndipo yafika kale m'chiuno. Bulugamu sachedwa. Pakatha zaka ziwiri Chambe ndidzangomuonera m'mipata ya masamba. Madala aja anaima pambali panga, manja kumbuyo, akuyang'ana timitengoto.

"Nanga iyi, achimwene, mudula kapena mufufuta?"

Ulendo uno anaseka ndi iwo. Sabata yathayi ndinapita ku Ndirande kwa wowotcherera uja kukafunsa mtengo wa makwerero a mamita atatu, opindika kuti azikwera pa minibasi, okhala ndi poika tripod pamwamba. Anafunsanso ngati n'za dishi. Akuti ndibwere Lachinayi.